Bwanji Jack sanakwere nawo pa thabwa lija? Kusiyanitsa chibowo cha nkhani ndi maganizo a mpangankhani

Mu Malichi 2024, thabwa limene Rose anagonapo kumapeto kwa filimu ya Titanic linagulitsidwa pa okishoni ku America pa mtengo wa madola 718,750. Nkhaniyo itamveka, mkangano wakale unadzukanso: kodi Jack, wokondedwa wa Rose amene anafera m'madzi, sakanakwera nawo n'kupulumuka? Filimuyo ndi ya 1997, koma funsoli likadali moyo. Mukhoza kulimva kwa akabaza odikira makasitomala ku Kamuzu Road kapena kwa anyamata otuluka mu vidiyo shoo ku Senga Bay, ndipo lili ndi anzake. Bwanji Thanos wa mu Avengers sanangochulukitsa chakudya m'malo mopha theka la zamoyo? Bwanji Scar wa mu The Lion King sanaphe yekha Simba? Nanga mfuti ya ekita ija, zipolopolo zake sizitha?

Mikangano yotereyi siitha msanga chifukwa okanganawo kawirikawiri sakuyankha funso limodzi. Wina akufunsa ngati chinthucho chingatheke m'moyo weniweni. Mnzake akunena zimene munthu wa m'filimuyo ankaganiza. Wachitatu akudzudzula amene anapanga filimuyo. Onse atatu akhoza kukhala akunena zoona, n'kungolekana poti kwada.

Chibowo cha nkhani n'chiyani?

Amene anachita Chichewa ku sekondale akukumbukira kuti nkhani imakhala ndi tsatanetsatane wake, mmene zochitika zimatsatirana china n'kubala chinzake, komanso ampangankhani, anthu amene nkhaniyo ikuwachitikira. Filimu nayo ndi chimodzimodzi. Okonda mafilimu pa intaneti akaona pamene tsatanetsataneyo waduka amati pali plot hole, ife pano tiziti chibowo cha nkhani. Chimakhalapo filimu ikaphwanya lamulo limene inaika yokha, kapena pakachitika chinthu chosatheka potengera zimene filimu yomweyo yationetsa kale.

Filimu iliyonse imabwera ndi malamulo ake, ndipo woonera amawavomera m'mphindi zoyambirira. Ngati m'dziko la filimuyo anthu amauluka, kuuluka si mlandu. Koma ikatiuza pa mphindi ya 20 kuti mzukwa wa m'nkhaniyo sungawoloke madzi, kenako pa mphindi ya 80 mzukwa womwewo n'kuwoloka mtsinje popanda wofotokoza chasintha n'chiyani, pamenepo pabooka. Pabookanso mpangankhani akadziwa chinsinsi chimene palibe anamuuza ndipo panalibe njira yoti achimvere.

Poyesa pamafunika zinthu zitatu: lamulo likhale litaonetsedwa m'filimumo, liphwanyidwe poyera, ndipo pasapezeke yankho lomveka kuchokera pa zimene tinaona kapena kumva. Chachitatuchi ndicho chimagwetsa milandu yambiri. Sikiripiti, yomwe ndi buku la mawu ndi zochitika za filimu, nthawi zambiri imakhala masamba 90 mpaka 120, tsamba limodzi kuimira pafupifupi mphindi imodzi. Malo ndi ochepa, ndiye wolemba amadumpha zimene woonera angalumikize yekha. Tikaona munthu akukwera basi kenako ali pakhomo la kwawo, sitifunika kuona kondakitala akumupatsa chenje.

Zimene zimaoneka ngati chibowo koma si chibowo

Filimu sijambulidwa motsatira nkhani. Zochitika zonse za pamalo amodzi amazijambula pamodzi, kaya china n'cha koyambirira china cha kumapeto, ndipo kukambirana kwa mphindi ziwiri kukhoza kubwerezedwa tsiku lonse. Pamakhala munthu amene ntchito yake ndi kulemba kuti kapu inali dzanja liti, bala linali tsaya liti. Akaphonya, bala limasamuka tsaya. Kumeneko ndi kulakwitsa pojambula, koma nkhani sinasunthe.

Titanic yomweyo inali ndi cholakwika cha mtundu wina. Katswiri wa zakuthambo Neil deGrasse Tyson anadandaula kuti nyenyezi zimene Rose amayang'ana ali pa thabwa si zimene zikanaoneka pamalopo usiku umene sitimayo inamira, pa 15 Epulo 1912. James Cameron, amene analemba ndi kutsogolera filimuyo, anazikonza pamene inkatulutsidwanso mu 2012. Cholakwika chinalipodi, koma palibe chochitika chimene chinadalira nyenyezizo.

Za zipolopolo, wodandaulayo samanama. Magazini wamba ya AK-47 imalowa zipolopolo 30, ndipo mfutiyo ikamalira mosalekeza imatulutsa pafupifupi 600 pa mphindi, kutanthauza kuti masekondi atatu zatha. Koma kuwomba osatha ndi chizolowezi cha mafilimu ankhondo, monganso m'mafilimu a ku India anthu amayamba kuvina pakati pa msika aliyense n'kudziwa sitepe. Chimasanduka chibowo pokhapokha filimu itatiuza kuti ekita watsala ndi zipolopolo ziwiri, iye n'kuwomba zisanu.

Palinso funso losiyidwa dala. Baahubali yoyamba, ya S. S. Rajamouli, inatha mu 2015 ndi Kattappa akuulula kuti ndiye anapha Baahubali, amene ankamutcha Kattappayo malume. Oonera anakhala zaka pafupifupi ziwiri akufunsana chifukwa chake, mpaka gawo lachiwiri linatuluka mu 2017. Yankho linalipo kale m'mutu mwa wolemba. Imeneyo ndi nyambo, si chibowo.

Chomaliza, chimene chimasokoneza ambiri, ndi mpangankhani kuchita zopusa. Mu Avengers: Infinity War ya 2018, anzake a Peter Quill atatsala pang'ono kumuvula mdani wawo Thanos golovesi ya miyala yamphamvu, Quill anamva kuti Thanos wapha Gamora, wokondedwa wake. Anayamba kumumenya, dongosolo lonse n'kusokonekera. Oonera anakwiya naye, ndipo n'zomveka. Koma anthu amachita zopusa tsiku lililonse. Chofunika kufunsa n'chakuti kodi kupusako kukugwirizana ndi khalidwe limene tinamuona nalo kale? Mu filimu ya 2017 ya gulu lake, Quill yemweyo atamva kuti bambo ake ndiwo anapha mayi ake, anawawombera pompo osaganiza kawiri. Munthu wake ndi yemweyo.

Mlandu wa thabwa

Mkangano wa Titanic uli ndi mafunso atatu osakanikirana, ndipo aliyense amagwira lake.

Loyamba ndi la malo. Thabwalo, limene ambiri amati chitseko ngakhale ogulitsa aja anafotokoza kuti ndi mbali ya felemu ya pamwamba pa khomo, n'lalitali pafupifupi mamita 2.4 ndipo mulifupi ndi mita imodzi. Anthu awiri akhoza kukwanapo, izo n'zosatsutsika. Koma msodzi wa ku Lifuwu amadziwa kuti bwato likhoza kukhala ndi malo a munthu wina pamene lafika kale pa mlingo wake: mukawonjeza mmodzi, madzi amayamba kulowera m'mbali. Chimene chimanyamula katundu pamadzi si kukula kwa pamwamba, koma kuchuluka kwa madzi amene chinthucho chawakankha. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Tiyerekeze kuti thabwalo n'lochindikala masentimita 10. Likamira lonse likankha malita 240, ndiye likhoza kuchirikiza makilogalamu 240 pamodzi ndi kulemera kwake komwe. Ngati ndi mtengo wolimba wolemera makilogalamu 170, otsala ndi 70. Ameneyo ndi munthu mmodzi. Mukasintha kuchindikala kapena mtundu wa mtengo, yankho lisintha, ndipo filimu sitiuza ziwirizi. Chimene imationetsa n'chakuti Jack anayesa kukwera, thabwa linapendekeka, iye n'kusiya.

Lachiwiri ndi la kuzizira, ndipo apa ife a kunyanja timasocheretsedwa ndi zimene tinazolowera. Madzi a nyanja yathu amakhala opitirira madigiri 20 chaka chonse, ngakhale nyengo ya mwera, ndiye n'kosavuta kuganiza kuti wodziwa kusambira akanangogwirira thabwa mpaka kucha. Pamene Titanic inamira madzi anali pafupifupi madigiri awiri pansi pa ziro. Madzi amchere amafika pamenepo asanaume. Pa ngoziyo panafa anthu oposa 1,500, ndipo ambiri amene anagwera m'madzi anali atavala majekete oyandamitsa. Sanamire. Chinawapha ndi kuzizira, pasanathe ola limodzi. Choncho sikokwanira kuti thabwa liyandame ndi anthu awiri. Liyenera kuwatulutsa m'madzi, makamaka chifuwa ndi mimba. Likamira pang'ono n'kumawanyowetsa onse, m'malo mopulumutsa awiri laphetsa awiri.

Anthu anayesapo. Mu 2012 pulogalamu ya pa TV ya MythBusters inapeza kuti awiriwo akanamangirira jekete la Rose pansi pa thabwa, likanawanyamula onse. Otsutsa amati munthu amene zala zake zauma ndi chisanu, mumdima, sangamire pansi pa thabwa kukamanga mfundo. Mu 2023 Cameron mwiniwake, mu pulogalamu ya National Geographic, anaika anthu awiri a misinkhu yofanana ndi Jack ndi Rose m'dziwe lozizira n'kuyesa njira zosiyanasiyana zokhalira pa thabwa. Anavomera kuti panali njira imene Jack mwina akanapirira mpaka kupulumutsidwa, koma yodalira zinthu zambiri.

Lachitatu ndi la maganizo a Jack ndi a wolemba. Cameron wakhala akunena kuti Jack anayenera kufa chifukwa nkhaniyo ndi ya chikondi ndi kudzipereka, kuti Jack sakanachita chilichonse choika Rose pachiswe, ndiponso kuti mwina akanangopanga thabwa laling'ono. Ndiye wonena kuti malo analipo akunena zoona. Wonena kuti kupulumuka kunali kotheka ali ndi umboni wake. Koma pa muyeso wa zinthu zitatu uja, filimu sinaphwanye lamulo lake, poti inaonetsa kuyesa ndi kulephera. Chotsala ndi chakuti kodi kuyesa kamodzi kokha kunali kokwanira kukhutiritsa woonera, ndipo limenelo ndi funso la luso la wopanga filimu, limene aliyense ali ndi ufulu woyankha mmene waonera.

Chifukwa chimene akunena ndi chifukwa chenicheni

Wolemba waluso amapatsa mpangankhani zinthu zitatu zosiyana: chimene amanena pakamwa, chimene akufuna mumtima, ndi chimene chinamupweteka kale. Mikangano yambiri ya "bwanji sanangochita chakuti" imabwera tikatenga choyambacho ngati ndicho chonse.

Thanos amanena kuti zamoyo zachuluka kuposa chakudya, ndiye theka liyenera kufa mosasankha kuti otsala akhute. Ndi miyala isanu ndi umodzi yokhoza kusintha chilichonse, bwanji osachulukitsa chakudyacho? Masamu akenso ndi olakwika, chifukwa anthu amaberekana. Kalembera wa 1987 anapeza anthu pafupifupi 8 miliyoni m'Malawi muno, wa 2018 anapeza oposa 17.5 miliyoni. M'zaka makumi atatu zokha theka lija likanabwerera.

Koma filimu imatiuzanso kuti kwawo ku Titan iye anapereka maganizo omwewa, anamuyesa wamisala, ndipo dzikolo linawonongeka. Bala lake ndi limenelo. Mu Endgame ya 2019, ataona kuti otsala sanamuthokoze koma akulimbana n'kubweza zimene anachita, akuti tsopano awononga chilengedwe chonse n'kupanga china choyamika. Pamenepo oonera ambiri amati chimene ankafuna si kukhutitsa anthu, koma kutsimikiza kuti iye ndiye ankanena zoona. Ena amaloza kwina. M'mabuku azithunzi a 1991 kumene nkhaniyi inachokera, Thanos anapha theka la zamoyo pofuna kusangalatsa Imfa, imene m'mabukumo ndi mkazi amene iye ankamufuna. Opanga filimu anasunga chochitacho n'kusintha chifukwa chake, ndipo ena amati msoko wake ukuonekera. Mayankho onse awiri ali ndi poimira.

Pali njira ziwiri zothandiza poyeza maganizo a mpangankhani. Yoyamba ndi kuyang'ana chimene walolera kutaya, osati chimene walankhula. Thanos anaponya Gamora, mwana amene anamulera, kuphompho kuti apeze mwala umodzi, ndiye kaya maganizo ake ndi opotoka bwanji, sakunamizira. Yachiwiri ndi kulekanitsa zimene woonera akudziwa ndi zimene mpangankhani akudziwa pa nthawiyo. Mu Baahubali yachiwiri, ife timaona chiwembu chonse chimene mfumu Bhallaladeva ndi bambo ake akuchitira Baahubali. Sivagami, mayi wolamula ufumuwo, sakuchiona. Iye wangomva kuti Baahubali, mwana amene anamulera, akufuna kupha mfumuyo, ndiye akulamula Kattappa kuti amuphe. Kattappa naye ndi kapolo wa lumbiro la makolo ake lotumikira mpando wa ufumu wa Mahishmati. Tikaiwala zimenezi, onse awiri amaoneka opusa. Tikakumbukira, mkangano umasamukira pa funso lolemera: kodi lumbiro limamanga munthu mpaka pati?

Mwambo umene woonera amabwera nawo

Mu The Lion King ya 1994, Scar amadandaula kuti iye ndiye anali wotsatira pa ufumu mpaka Simba, mwana wa mkulu wake mfumu Mufasa, atabadwa. Kwa Achewa ndi Ayao a kuno ku Salima, ufumu umayenda kuchikazi: umapita kwa mng'ono wa bere limodzi kapena kwa mwana wa mlongo, osati kwa mwana wa mfumu. Woonera wokulira m'mwambo umenewu akhoza kumva dandaulo la Scar mosiyana ndi Mngoni wa ku Mzimba, kumene mwana amalowa m'malo mwa bambo ake. Palibe wolakwa pa awiriwa, koma lamulo la filimuyo ndi la kuchimuna, ndipo linaikidwa poyambirira pomwe, pamene kamwana kamkango kakukwezedwa m'mwamba nyama zonse n'kugwada.

Nanga bwanji sanaphe yekha Simba? Scar amavomera yekha kuti mphamvu zinapita kwa mkulu wake, iye anatenga nzeru. Njira yake ndi yotuma ena kuti manja ake aoneke oyera. Mufasa anamugwetsa yekha chifukwa panalibe womuona ndipo imfayo ikanaoneka ngati ngozi. Kwa Simba anatuma afisi, afisiwo anabwerera pa minga, iye n'kukhala akuganiza kuti ntchito inatheka.

Nthawi zina mwambo umatithandiza ife kuposa alendo. Mu The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019, nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, bambo ake amakana kupereka njinga kuti mwana aidule apangire makina amphepo. Woonera wakunja akhoza kungoona kuuma mutu. M'boma limene kabaza amadyetsa mabanja, palibe wofunika kumufotokozera kuti njinga ndi ya kuchigayo, kumsika ndi kuchipatala, ndipo pa njala ya 2001 ndi 2002 chinali chuma chomaliza cha pakhomo. Komanso amene amati zenizeni sizinayende choncho akunena zoona: makina oyamba a Kamkwamba ankayatsa mababu ndi wailesi, zopopa madzi zinabwera pambuyo pake. Filimu inaphatikiza ziwirizi kuti pampondachimera pagwirizane ndi njala. Kumeneko ndi kusintha mbiri, nkhani ya filimuyo payokha sinabooke.

Kodi tinaonera filimu imodzi?

Kuno kuli vuto lina limene okangana a kunja sakumana nalo kwenikweni. Mafilimu ambiri amatifika atamasuliridwa m'Chichewa, munthu mmodzi akulankhulira ampangankhani onse, mawu enieni atatsitsidwa. Omasulirawa anatsegulira mafilimu anthu ambiri amene Chingerezi kapena Chihindi sachimva, ndipo ena amaonera chifukwa cha nthabwala zawo zomwezo. Koma womasulira ndi wolemba wachiwiri. Amapereka mayina atsopano, amawonjeza zoseketsa, ndipo pamene sanamve bwino amadzaza ndi zimene akuona kuti zikuyenera. Akanena kuti wakuti akuchita izi chifukwa cha nsanje, nsanjeyo imalowa m'mutu mwa oonera ngati ndi ya m'filimu.

Baahubali inajambulidwa m'Chitelugu ndi m'Chitamil. Kope lofika pa memori kadi kuno likhoza kukhala litadutsa m'Chihindi, kenako m'mawu a Chingerezi olembedwa pansi, kenako m'Chichewa. Pa sitepe iliyonse kanthu kamagwa, ndipo kawirikawiri kamene kamagwa ndi kachiganizo kamodzi kofotokoza chifukwa. Wolemba nkhani wa ku Russia Anton Chekhov ankaphunzitsa kuti mfuti ikaoneka pakhoma koyambirira kwa sewero, iyenera kudzalira kutsogolo. Olemba mafilimu amatsatira zimenezi: amadzala kanthu kakang'ono koyambirira kuti kadzagwire ntchito kumapeto. Ngati pamene ankadzalapo womasulira anali pa nthabwala, kapena mbaliyo inadulidwa kuti fayilo ichepe, kapena magetsi anazima woonetsa n'kudumphitsa, kumapeto kumaoneka ngati kwagwa kuchokera kumwamba.

Musanagamule kuti pali chibowo, yambani mwaona kutalika kwa kope lanu. Titanic yathunthu ndi maola atatu ndi mphindi pafupifupi 14. Ngati yanu ikutha pa maola awiri ndi theka, pali zimene simunaone. Kenako bwererani pamene lamulo linanenedwa, osati pamene mukuganiza kuti laphwanyidwa, chifukwa nthawi zambiri yankho limakhala m'theka loyamba la ola. Tsitsani voliyumu muonere mbaliyo ndi maso okha: nkhope, manja ndi kumene kamera yaloza ndi za wopanga filimu, womasulira sangazisinthe. Ngati mnzanu ali ndi kope losamasulira lokhala ndi mawu olembedwa pansi, yerekezani mphindi zomwezo. Mafilimu ena amatulukanso m'makope awiri ovomerezeka, la m'makanema ndi lina lalitali lokhala ndi mbali zimene zinachotsedwa, ndiye funsani mnzanu wokangana nayeyo kuti lake linali la mphindi zingati.